Tsiku limene madzi anatitsekera njira ku Vilankulo

Amalume anga anabadwira ku Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, koma akhala kuno ku Harare, ku Mbare, zaka zoposa 50. Kuyambira ndili mwana ankandisimbira za mwera, mphepo imene imavutitsa asodzi m'miyezi yozizira, ndipo ankaitchula motsitsa mawu chifukwa mkulu wawo analowa m'nyanja ndi bwato kukapha usipa usiku wina wa mwera, osabwereranso. Nditawauza kuti ku Vilankulo, ku Mozambique, kuli anthu amene amalipira ndalama kuti mphepo iziwakoka pamadzi, anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Mphwanga, zimenezo ndikufuna ndikazione ndi maso angawa."

Tinanyamuka mu Seputembala, nyengo imene mphepo imaomba bwino kumeneko. Basi yochokera pa Mbare Musika kukafika ku Mutare tinalipira madola 10 munthu mmodzi, ndipo titaoloka malire pa Forbes ndi Machipanda, pamene sanatifunse viza, tinakwera minibasi zimene kumeneko amati chapa. Tinagona ku Chimoio. M'mawa mwake tinakhotera kummwera pa Inchope nkulowa msewu wa EN1, umene m'malo ambiri unali wokumbikakumbika moti msana wa amalume unayamba kuwawa tisanafike ndi pa mlatho wa Save pomwe. Amene ali ndi okalamba atenge katsamiro, ndipo ndalama za meticais asinthe mosamala, chifukwa mnyamata wina wa pamalire anandiwerengera mothamanga ndipo ndinazindikira mochedwa kuti wandipunja.

Gombe la Vilankulo limayang'anizana ndi zilumba za Bazaruto, Benguerra ndi Magaruque, zomwe zili m'malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1971. Zilumbazi zimatchinga mafunde akuluakulu, choncho madzi a pakati pake ndi osaya komanso osalala, pamene mphepo yokha imadutsa mwaufulu. Ichi ndicho chimakopa anthu a makaiti. Kaiti yake si ija tinkapanga ndi mapepala tili ana. Ndi chinsalu chachikulu chopindika ngati mwezi watsopano, chimene amachipopa mpweya m'mbali mwake, nkuchilumikiza ndi zingwe zotalika mamita oposa 20 ku lamba wa m'chiuno, ndipo munthuyo amaima pa kathabwa nkumawongolera ndi kandodo kamene wagwira ndi manja onse awiri. Tsiku loyamba ndinawerenga makaiti 14 m'mwamba, ndipo mchenga unkatilasa m'miyendo ngati singano.

Tsiku lachiwiri tinapeza nyanja itathawa. Pamene dzulo lake panali madzi panali mchenga woyera wofika kutali, ngalawa za thanga zitagona cham'mbali, amayi akutola nkhono ndi nkhanu m'mabeseni. Amalume anavula nsapato nkunena kuti tiyandikire kumene kunali makaiti kuti akaone bwino mmene anthuwo amagwirira zingwe. Tinayenda pafupifupi theka la ola, nkuoloka kakhwawa kamene madzi ake ankalekeza m'kakolo, ndipo tinakakhala pa mchenga wouma. Amalume ankandifotokozera kayendedwe ka mphepo poyang'ana makwinya a pamadzi, ndipo ankadziwiratu pamene kaiti iliyonse ikanagwedezeka isanagwedezeke. Mphepo ankaidziwa ndithu. Chimene sankachidziwa, ndipo inenso wobadwira ku Harare sindinkachidziwa, nchakuti nyanja ya mchere imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, ndipo pakatha maola pafupifupi 6 madzi amabwerera pamalo pake. Nyanja ya Malawi sichita zimenezo.

Sitinaone pamene amayi a mabeseni anachokera. Chimene chinatidzidzimutsa chinali mnyamata wina amene anatulukira pa kathabwa kake mothamanga kwambiri, nkuima pafupi nafe kaiti yake ili njo pamwamba pa mutu wake, akuloza kumbuyo kwathu ndi kufuula kuti, "Maré! Maré!" Titacheuka tinaona kuti kakhwawa kaja kasanduka mtsinje waukulu wothamanga, ndipo mchenga umene tinakhalapo unali utachepa ngati bwalo la nyumba. Ine sinditha kusambira. Amalume anagwira dzanja langa mwamphamvu, monga ankachitira pondiolotsa msewu ndili wamng'ono, ndipo ndinamva kuti dzanja lawo likunjenjemera ngakhale nkhope yawo inali phee. Anafuna kuyesa kuoloka, koma mnyamatayo anawaletsa ndi dzanja, nanena m'Chingerezi chochepa kuti tisasunthe. Atatero anapendeketsa kaiti yake, mphepo nkumunyamula, ndipo posakhalitsa tinangomuona ngati kadontho cha kugombe.

Tinadikira mphindi mwina 15, koma kwa ine zinali ngati tsiku lathunthu. Madzi anafika m'mawondo, kenaka m'ntchafu, ndipo ndinkamva mchenga ukukokoloka pansi pa mapazi anga. Amalume anayamba kupemphera chapansipansi. Kenaka tinaona ngalawa ya msodzi ikubwera, mnyamata uja akuyenda patsogolo pake kuilozera pamene tinali. Msodziyo anakweza amalume poyamba powagwira m'khwapa, ndipo sanatikalipire ngakhale pang'ono. Tinamupatsa meticais 500 ndipo anawalandira ndi manja awiri, koma mnyamatayo anakanitsitsa kulandira kanthu.

Pano ndiyenera kudandaula. Mwini nyumba imene tinagonamo anatiuza za malo odyera ndi za maulendo a ku zilumba, koma sanatchule nkomwe za madzi, ndipo pamene tinatsikira kugombe sindinaone chikwangwani chochenjeza. Alendo ambiri ochokera ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia sanakhalepo pafupi ndi nyanja ya mchere. Amene mukupita, funsani nthawi imene madzi aphwe ndi imene adzaze musanaponde mchenga, ndipo mukaona eni dera akubwerera kumtunda, bwererani nawo.

Madzulo tinamupeza mnyamatayo akupinda kaiti. Iye ndi wa komweko, amalankhula Chitswa ndi Chipwitikizi, ndipo anaphunzira masewerawa pothandiza alendo kunyamula ndi kupopa makaiti awo. Zinandiwawa kumva mtengo wa maphunziro a masiku atatu, umene unaposa ndalama zonse zimene ife awiri tinalipira pa mayendedwe, chifukwa zikutanthauza kuti ana ambiri obadwira pagombe limenelo adzakhala ongoonerera. Amalume anandituma kuti ndimufunse chimene amachita mphepo ikamuposa mphamvu. Iye anawaonetsa kachipangizo kofiira ka pa lamba, kamene ukakakankha kaiti imataya mphamvu nthawi yomweyo nkugwera pamadzi. Amalume anakagwira, nakakankha, nakabwezera, nakakankhanso kangapo, ndipo pomaliza anati, "Pabwato la achimwene panalibe chotere."

Mnyamatayo anatiuzanso kuti mphepo amaiopa ngati wina aliyense. Anatilozera nyumba zimene madenga ake anasasuka ndi namondwe wa Freddy, amene anatera pafupi ndi Vilankulo mu Febuluwale 2023. Ndi namondwe yemweyo amene anabwereranso mu Malichi nkupha anthu mazanamazana kummwera kwa Malawi, makamaka ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, ndipo ife a mpingo wa CCAP kuno ku Harare tinali ndi abale kumeneko. Amalume atamva izi anamugwira chanza nthawi yaitali, nkumuitana kuti akadye nafe. Tinadya nsima, imene iwo amati xima, ndi matapa, omwe ndi chigwada chophika ndi nsinjiro komanso madzi a kokonati, ndipo amalume anati chinawakumbutsa cha ku Nkhotakota.

Tsiku lomaliza sanafunenso kutsikira kumchenga wa m'nyanja. Anadzuka mbandakucha nkukakhala kumtunda pansi pa mtengo wa kokonati atafunda jekete, ndipo anazika kamtengo pamene madzi analekeza. Ola lililonse ankanyamuka kukazika kena, nkundifunsa nthawi kuti ndiwalembere papepala, mpaka pamene woyendetsa chapa yopita ku Pambarra anatiimbira hutala kachitatu.