Kuona lamulo lonse limene linayambitsa pulogalamu pa Linux

Pa seva imene ikuyendetsa mapulogalamu angapo a Java, ndimafuna kudziwa kuti ndi iti imene ikudya memory yambiri, koma ps aux, lamulo loonetsa mapulogalamu amene akuyenda, imadula mzere uliwonse pamene pathera sikirini. Zotsatira zake n'zakuti mizere yonse imaoneka yofanana, chifukwa classpath, mndandanda wa malo amene Java imafunafunamo mafayilo a pulogalamu, imakhala yaitali kwambiri ndipo dzina limene likusiyanitsa mapulogalamuwo limakhala kumapeto kwenikweni.

Njira yachidule ndiyo kulemba ps auxww, popeza w wachiwiriyo amachotseratu malire a utali wa mzere. Mu top, pulogalamu inanso yoonetsa zimene zikuyenda, kudina c kumaonetsa lamulo m'malo mwa dzina lokha, ngakhale kuti sikirini imalidulabe. Dzinalo silodalirika kwenikweni, chifukwa kernel, mtima wa Linux, imasunga zilembo 15 zokha.

Ineyo ndimakonda kuwerenga fayilo ya /proc/PID/cmdline (PID ndi nambala ya pulogalamu imene ikuyenda), kumene ps imatengako zimene imationetsa. Mu fayiloyi mawu amalekanitsidwa ndi chizindikiro cha NUL chimene sichioneka, motero cat, lamulo loonetsa za m'fayilo, imawaonetsa ataphatikizana. Ndimalemba tr '\0' '\n' < /proc/PID/cmdline kuti gawo lililonse likhale pamzere wake, ndipo pamenepo ndimatha kuona ngati dzina la fayilo lili ndi mpata pakati. Pa kernel zakale, isanatuluke 4.2 mu 2015, fayiloyi inkathera pa ma byte 4096, ndiye ngakhale ww sankathandiza.

Dziwaninso kuti, pokhapokha /proc itatsekedwa ndi hidepid, njira yobisira mapulogalamu a anthu ena, aliyense wolowa pamakinawo angathe kuwerenga pasiwedi imene yalembedwa m'lamulo.