Mmene tinasinthitsira zoning ya nyumba yathu ku South Bend

Ku America kuno ukagula nyumba, chikalata cha umwini chimakhala chako ndithu, koma zimene ungachitiremo amanena ndi mapu a mzinda. Puloti iliyonse ili ndi zilembo zake pa mapuwo, ndipo zilembozo ndi zimene zimalamula ngati pamalopo pangakhale nyumba yogona, sitolo kapena fakitale, komanso kutalika kwa nyumbayo ndi mtunda wake kuchokera kumsewu. Dongosolo limeneli ndi lomwe amati zoning. New York inaliyamba mumzinda wonse mu 1916, ndipo mu 1926 khoti lalikulu la dziko lino, pa mlandu wa tauni ya Euclid ndi kampani ya Ambler, linagamula kuti mizinda ili nayo mphamvu yotero. Chiyambire pamenepo, wofuna kusintha ntchito ya malo ake amayenera kukapempha.

Ine ndi bambo a kunyumba tinagula kanyumba ka njerwa kosanja, ka pakona, kumpoto chakum'mawa kwa South Bend m'boma la Indiana. Kale pansi pake panali golosale, ndipo zenera lalikulu loyang'ana kumsewu linali lokhomedwa matabwa. Amalawi tilipo ambiri mumzinda uno, koma ufa woyera, nyemba ndi usipa timagulitsana m'magalaja ndi m'mabuti a galimoto tikatuluka m'tchalitchi. Ife tinkafuna sitolo yeniyeni pansi, pamwamba tizigona. Pa mapu, pulotiyo inalembedwa U1, gawo la nyumba zogona. Golosale yakale ija inkaloledwa chifukwa inalipo malamulo asanabwere, koma itatsekedwa kwa zaka zambiri ufulu umenewo unatha.

Choyamba ndinapita kukaonana ndi ogwira ntchito ku ofesi ya mapulani a mzinda, ndisanalembe kalikonse. Kuonana nawo kumeneku ndi kumene kumakuuza khomo loyenera kugogoda, chifukwa makomo ndi awiri. Ngati ukungofuna kupatuka pang'ono pa lamulo, monga kumanga khonde pafupi ndi msewu kuposa mmene amalolera, umapita ku Board of Zoning Appeals. Kumeneko kuli ngati kukhoti, moti lamulo la Indiana limaletsa kulankhula ndi mamembala ake mseri pofuna kuwakopa nkhani isanamvedwe. Koma ngati ukufuna kuti zilembo za pa mapu zisinthe, ndiye kuti ukupempha lamulo latsopano la mzinda, ndipo lamulo amapanga ndi makhansala a Common Council, atamva kaye maganizo a Plan Commission, bungwe loona za mapulani a mzinda. Yathu inali yachiwiriyi: kuchoka ku U1 kupita ku NC, gawo la timasitolo ta pakati pa nyumba za anthu.

Mtsikana amene anatithandiza anatsegula mapu pa kompyuta, n'kudina penapake, ndipo pamwamba pa mtundu wa puloti yathu panabwera mizere yopingasa. Anati malo athu alinso mu overlay ya Northeast Neighborhood, dera loyandikana ndi yunivesite ya Notre Dame. Overlay ndi malamulo owonjezera amene amayalidwa pamwamba pa zoning ya dera lonse, ngati chitenje chomanga pamwamba pa diresi: diresi ungasinthe, chitenje chikhalabe pomwepo. Kwa ife zinatanthauza kuti ngakhale atatilola kutsegula sitolo, maonekedwe a nyumbayo kunja ayenerabe kutsata malamulo a deralo, ndipo pamene malamulo awiriwa asiyana, a overlay ndi amene amapambana. Ambiri amaganiza kuti akawina kwa makhansala ndiye kuti zonse zatha, kenako n'kudabwa pokatenga chilolezo chokonzera nyumba. Ife tinapempha wojambula mapulani kuti ajambuliretu kutsogolo kwa nyumbayo motsata overlay, chithunzicho tinachiphatikiza ku pempho lathu.

Za mapepala sindichedwapo. Pamafunika fomu, malire a puloti monga momwe analembedwera pa chikalata cha umwini, mapu osonyeza khomo, malo otsitsira katundu ndi a zinyalala, ndi ndalama ya pempho. Wopempha ayenera kukhala mwini malo, kapena eni a theka la malo okhudzidwawo kupita m'tsogolo, kotero ngati mukuchita lendi, eni nyumba ndi amene asayine. Plan Commission iyenera kuitanitsa msonkhano wa anthu onse pasanathe masiku 60 chilandirireni pempho, ndipo chidziwitso chimatuluka m'nyuzi masiku osachepera 10 msonkhanowo usanachitike. Eni nyumba zoyandikana nawo amalandira makalata.

Makalata amenewa ndi amene ndinkaopa. Munthu akalandira envulopu ya boma yonena kuti wina akufuna kusintha malo a pakona, amayamba waganiza zoipa. Choncho tinaganiza zogogoda makomo tokha makalatawo asanafike, chithunzi chija chili m'manja. Ena analandira bwino, ena sanatsegule n'komwe. Mayi wina wachikulire wa tsidya lina la msewu, amene wakhala pamenepo kuyambira nthawi imene fakitale ya galimoto ya Studebaker inali isanatseke mu 1963, anatilowetsa n'kutikhazika patebulo la kukhitchini. Anavala magalasi, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala chawo chikutsata zenera lija.

"Mwanangu, inu ndilibe nanu vuto," anatero. "Golosale imeneyo ndinkagulamo mkaka. Koma mukadzatopa n'kugulitsa, abwere ndani? Zilembozo sizidzasamuka nanu. Mawa pakhala bala, ndipo ana a sukuluwa azidzasanza pa kapinga wanga usiku."

Ndinati, "Mayi, mwanena zoona. Nanga titalemba kuti mowa ndi fodya sizidzagulitsidwa pamenepa, ngakhale malowa atagulidwa ndi wina, mtima wanu ungakhale m'malo?"

Anayankha kuti akaona zolembedwa adzakhulupirira.

Mayiwa ananena mfundo imene nkhani yonse ya zoning yagonapo. Mzinda suweruza iweyo, khalidwe lako kapena kusauka kwako. Umaweruza malo, chifukwa NC ikalembedwa pa mapu, chilichonse chololedwa mu NC chingathe kudzachitika pamenepo zaka 30 zikubwerazi. Nkhawa yawo sinali yopanda pake. Loweruka la mpira, bwalo la Notre Dame limadzaza anthu oposa 70,000, ndipo misewu ya m'deramo imadzaza galimoto mpaka pa makomo a anthu. Aona ndi maso awo nyumba za mabanja zikusanduka zogona ophunzira ndi alendo a masiku awiri. Mwamwayi, lamulo la Indiana limalola mwini malo kupanga malonjezo olembedwa, amene amakasungidwa ku ofesi ya Recorder, yosunga zikalata za malo m'chigawo chathu cha St. Joseph County, ndipo amamanga aliyense wodzagula malowo. Tinalemba atatu: mowa ndi fodya ayi, kutseka 8 koloko madzulo, ndipo galimoto zobweretsa katundu zizibwera masana okha. Loya anatikonzera mawu ake, ndipo ndalama imene tinamulipira sindinaidandaule.

Patatsala masiku ochepa kuti msonkhano uchitike, ogwira ntchito ku ofesi ija amatulutsa lipoti lawo. Liwerengeni mofatsa, chifukwa mamembala ambiri amafika atawerenga lipotilo osati pempho lanu lonse. Lipoti limatsata zinthu zisanu zimene lamulo la Indiana limauza Plan Commission ndi makhansala kuti aziganizire: pulani yaikulu ya chitukuko cha mzinda, mmene nyumba ndi ntchito za m'deralo zilili panopa, ntchito imene ingayenere bwino malowo, kuteteza kuti nyumba za mumzinda zisatsike mtengo, ndi kukula kwa mzinda kwadongosolo. Pa zisanuzi palibepo ngongole yako ya kubanki, palibepo maloto ako. Ndinamva chisoni pamsonkhano kuona bambo wina amene nkhani yake inali patsogolo pa yathu akutha nthawi yake yonse kufotokoza mmene wavutikira ndi ana. Onse anamumvera mwaulemu, koma funso loyamba limene anamufunsa linali la kumene galimoto zizitulukira, ndipo analibe yankho. Nkhani yake anaiimitsa kaye.

Itafika nthawi yathu, wa ku ofesi anayamba ndi kuonetsa mapu ndi zithunzi pakhoma. Kenako ndinaitanidwa kutsogolo, ndinatchula dzina ndi adiresi monga amafunira, mawondo akugwedezeka. Ndinalankhula za malowo basi. Ndinati nyumbayi inamangidwa ngati sitolo, ilibe bwalo loti ana a banja angaseweremo, ndipo yakhala yokhomedwa matabwa kwa zaka. Mfundo imeneyi imamveka ku South Bend, mzinda umene unali ndi anthu pafupifupi 132,000 mu 1960 n'kutsika kufika pafupifupi 101,000 mu 2010, ndipo mu 2013 meya Pete Buttigieg anachita kukhazikitsa ntchito yokonza kapena kugwetsa nyumba zosiyidwa 1,000 m'masiku 1,000. Malamulo atsopano a zoning amene anayamba kugwira ntchito mu 2020 analembedwa ndi maganizo odzaza mipata yotereyi. Ndinawerenganso malonjezo athu atatu aja mokweza.

Atatsegula mwayi kwa anthu, anaimirira mnyamata wina n'kudandaula za malo oimika galimoto. Wa ku ofesi anafotokoza kuti kuyambira mu 2021 mzinda sukakamizanso eni malo kukhala ndi chiwerengero chakutichakuti cha malo oimikapo galimoto. Dandaulo lakelo ine sindinalipeputse, pakuti amakhala pomwepo, ndipo poyankha ndinasonyeza pa mapu malo awiri a kuseri amene tinasiyira makasitomala. Kenako mayi achikulire aja anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mpaka pa maikolofoni. Anati anabwera kudzakana, koma aona zolembedwa, ndipo akufuna kuti matabwa aja achoke pazenera. Analankhula mawu ochepa, koma ndikhulupirira kuti analemera kuposa anga onse.

Apa ndinene za abale athu. Ena a kutchalitchi ankafuna kubwera gulu kudzatichemerera, ndipo alamu anga anali atayamba kale kuitana anthu pa WhatsApp. Ndinawapempha kuti, "Alamu, abwere okhawo amene amakhala m'deramo." Wolankhula aliyense amatchula adiresi yake, ndipo mamembala amamvetsera kwambiri wa msewu womwewo kusiyana ndi khamu lochokera ku Mishawaka kapena ku Elkhart. Kudzaza holo ndi anthu akutali kukanangopsetsa mtima oyandikana nafe.

Plan Commission sigamula. Imavota kuti itumize nkhani kwa makhansala ndi mawu ovomereza, okana, kapena opanda mbali. Yathu inapita ndi mawu ovomereza. Kuchokera pamenepo makhansala amakhala ndi masiku 90. Akapanda kuchitapo kanthu m'masiku amenewo, pempho lomwe linavomerezedwa limasanduka lamulo lokha, pamene lomwe linakanidwa kapena linalibe mbali limafera pomwepo. N'chifukwa chake voti ya Plan Commission, ngakhale ndi uphungu chabe, si yoiseweretsa.

Makhansala a South Bend alipo 9, asanu ndi mmodzi oimira madera ndi atatu oimira mzinda wonse, ndipo amakumana Lolemba lachiwiri ndi lachinayi la mwezi. Kwa iwowa kulankhula nawo nkhani isanafike n'kololedwa, choncho ndinalembera khansala wa dera lathu n'kumuitana kuti adzaone malowo. Tsiku la nkhani yathu tinayamba masana ku komiti ya Zoning and Annexation, kumene mafunso enieni amafunsidwa, ndipo madzulo nkhaniyo inamvedwanso pamaso pa makhansala onse, anthu n'kupatsidwanso mwayi wolankhula. Khansala mmodzi anafunsa ngati malonjezo aja asayinidwa kale. Ndinamupatsa pepala lake. Makhansala anaitanidwa mayina mmodzimmodzi kuti avote, lamulo linadutsa, ndipo linapita kwa meya kuti asayine.

Mapu atasintha, tinakalembetsa malonjezo aja ku Recorder, kenako tinapempha chilolezo chokonzera nyumba. Apa ndi pamene overlay inagwira ntchito yake: anayerekeza mapulani athu ndi malamulo a deralo, ndipo poti tinali titawatsata kuyambira pa chithunzi choyamba, anangotiuza kukonza pang'ono za chikwangwani. Chilolezo chogulitsa zakudya ndi nkhani ina, ya ku dipatimenti ya zaumoyo ya St. Joseph County, ndipo iwo amafuna kuona masinki, mafiriji ndi mashelefu zitaikidwa kale asanabwere kudzayendera.