Dzina la amayi anu si chinsinsi kuno ku Zomba

Ndimagwira ntchito yoyang'anira makompyuta ndi kuthandiza mamembala pa bungwe lina losungitsa ndi kubwereketsa ndalama mumzinda wa Zomba. Mamembala athu ambiri ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi, ogwira ntchito m'maofesi a boma ndi ena amene anapuma kale pantchito, ndipo ena amachokera kutali ndithu, monga ku Jali, ku Mayaka, ku Thondwe ndi ku Domasi. Pulogalamu imene mamembala amaonera ndalama zawo pafoni sitinapange tokha, tinagula ku kampani ina yakunja, ndipo kampaniyo ikasintha kanthu ife timangodzuka m'mawa n'kupeza kuti zasintha. Sabata yathayi anaikamo lamulo lakuti munthu asanaone ndalama zake ayambe wasankha mafunso atatu achinsinsi n'kuwayankha, kuti tsiku limene adzaiwale pasiwedi adzadzitsegulire yekha akaunti poyankha mafunsowo. Malo odina kuti munthu adumphe gawo limeneli panalibe.

Lolemba foni ya pa desiki yanga inayamba kulira ndisanakhale n'komwe pansi. Kunali kumapeto kwa mwezi, nthawi imene aliyense amafuna kuona ngati ngongole yake yadulidwa bwino pamalipiro, ndiye m'malo moona ndalama anthu anakumana ndi mndandanda wa mafunso a m'Chingerezi. Mafunsowo ankafuna dzina limene amayi anu anali nalo asanakwatiwe, dzina la chiweto chanu choyamba, dzina la msewu umene munakulira, mtundu wa galimoto yanu yoyamba, sukulu yanu yoyamba, kumene munabadwira ndi chakudya chimene mumakonda kwambiri. Mphunzitsi wina wa ku Domasi anandifunsa mokwiya kuti, “Achimwene, galimoto yoyamba yake iti? Ine ndimapita kuntchito pa kabaza.” Mayi wina anati kwawo kulibe msewu wa dzina, amangoti njira ya kuchigayo ndi njira ya kumjigo. Ambiri sanaimbe n'komwe, anangolemba chilichonse chimene chinabwera m'mutu kuti adutse, ena analemba Zomba pa mafunso onse atatu, ndipo ena anapatsa foni adzukulu kuti awayankhire. Anthu amenewa ndi amene anandidetsa nkhawa kuposa amene ankakalipa, chifukwa yankho lolemba mothamanga munthu salikumbukira pakapita miyezi.

Sizinatenge n'komwe miyezi. Lachiwiri kunabwera bambo wina wachikulire, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, amene anakwera minibasi kuchokera ku Jali chifukwa akaunti yake inali itatsekedwa. Dzulo lake mdzukulu wake anamuthandiza kuyankha mafunso, usiku anasokoneza pasiwedi, ndipo pulogalamu itamufunsa dzina la sukulu yake yoyamba inakana mayankho ake onse mpaka inamutsekera kunja. Sukuluyo sanaiiwale ayi, anandiuza dzina lake, dzina la mphunzitsi amene anamuphunzitsa kugwira choko, ndi mtengo umene ankakhala pansi pake. Chimene sanathe kukumbukira ndi mmene mdzukuluyo analembera dzinalo, kaya anawonjezera mawu akuti pulayimale, kaya anasiya mpata pakati, kaya analemba ndi l kapena r. Kompyuta simva tanthauzo, imangoyerekeza zilembo chimodzi ndi chimodzi, pamene ife kuno mtsinje womwewo ena amalemba Mulunguzi ena Mlunguzi, nyanja yomweyo ena Chilwa ena Chirwa, ndipo palibe amene amasochera nazo. Bamboyo anandiyang'ana nati, “Mwana wanga, ine ndaphunzitsa ana kulemba moyo wanga wonse, lero makina akundiuza kuti sindidziwa sukulu imene ndinaphunzira?” Ndinaona chiphaso chawo cha unzika, ndinawatsegulira akaunti, koma ndalama ya minibasi yopita ndi kubwerera inali itapita kale, ndipo inachoka pa penshoni ya munthu amene ankangofuna kuona ndalama zake zomwe.

Nkhani imene inandisowetsa mtendere inachitika Lachitatu. Namwino wina, membala wathu wa nthawi yaitali, anabwera nthawi ya nkhomaliro ali ndi yunifolomu, ndipo anapempha kuti tilankhule pambali. Iye ndi mwamuna wake anasiyana, nkhani yawo ili kwa ankhoswe, koma usiku wapitawo mwamunayo anamuimbira foni n'kumutchulira ndalama zonse zimene ali nazo ku bungwe lathu, ngongole imene anatenga ndi tsiku limene anaitenga. Nditayang'ana m'kaundula wa pulogalamu ndinapeza kuti munthu wina anadina kuti waiwala pasiwedi, analemba nambala ya umembala ya mayiyo, nayankha bwinobwino mafunso onse atatu: dzina la amayi ake, kumene anabadwira ndi sukulu yake yoyamba. Mwamunayo sanafunike luso lililonse la makompyuta. Anakhala pa chikamwini m'mudzi wa apongozi ake zaka zambiri, ankalima munda wawo, ndipo sukulu imene inafunsidwayo ili kutsidya kwa dambo la mudzi womwewo.

Funso la dzina la amayi asanakwatiwe linachokera ku mabanki a ku America, amene ankaligwiritsa ntchito kale chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kumene mkazi akakwatiwa dzina la kwawo limazimirira ndipo anthu ochepa ndi amene amalikumbukira. Kwathu kuno dzina limenelo ndi limene mayi amaitanidwa nalo tsiku ndi tsiku. Timati Anaphiri, Anabanda, Anankhoma, ndipo pakati pa Ayao, amene ndi ambiri m'boma lino, timati Abiti uje, kutchula dzina la bambo amene anabala mayiyo. Dzinalo limatchulidwa pa chinkhoswe, pa maliro, pa mlandu kwa amfumu ndi pa mauthenga achisoni a pa wailesi. Dzina la galu wa pakhomo nalo ana a mudzi wonse amalidziwa. Ndipo amene amafuna kusuzumira ndalama za munthu kawirikawiri si mlendo wa kutsidya kwa nyanja, koma mwamuna kapena mkazi amene banja latha, mphwake, mlamu kapena mnzake wa kuntchito, anthu amene mayankho onsewa amawadziwa osafunsa. Kuteteza akaunti mwanjira imeneyi kuli ngati kukhoma chitseko ndi loko wamkulu n'kupachika kiyi pa msomali wa pakhonde pamene abale onse amadutsa.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti khomo limeneli kale kunalibe. Pulogalamu isanasinthidwe, munthu woiwala pasiwedi ankayenera kubwera yekha ndi chiphaso, ndipo mwamunayo sakanadutsa pa desiki yanga. Ndalama sanathe kutapa, chifukwa kutapa kumafuna nambala ina yachinsinsi, koma mayiyo anali atasunga ndalamazo mwakachetechete kuti alipirire mwana wake sukulu, ndipo tsopano zalowa m'mkangano wa banja. Ndinasintha zonse za pa akaunti yake, ndinamusindikizira umboni wa nthawi imene munthuyo analowa, ndipo ndinamuuza kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo, kotero ali ndi ufulu wokadandaula kupolisi. Anayankha motsitsa mawu kuti, “Achimwene, ndi bambo wa ana anga,” ndipo sindinamukakamize.

Usiku wa tsiku limenelo ndinakonza zoti ndikanene kwa abwana, chifukwa dandaulo la kalaliki wa makompyuta silimveka ngati lilibe umboni. Vutoli si la ku Zomba kokha. Mu 2008 wophunzira wina wa ku koleji ku America analowa mu imelo ya Yahoo ya Sarah Palin, amene panthawiyo ankapikisana nawo pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti, pongoyankha tsiku lake lobadwa, nambala ya positi ya dera lake ndi kumene anakumana ndi mwamuna wake, zonsezo atazipeza pa intaneti. Mu 2015 akatswiri a Google anatulutsa kafukufuku wochokera pa mayankho mamiliyoni ambiri a anthu awo. Anapeza kuti wakuba woyerekeza kamodzi kokha chakudya chimene olankhula Chingerezi amakonda amalondola pa maakaunti pafupifupi 20 mwa 100 alionse pongolemba pizza, ndiponso kuti anthu pafupifupi 40 mwa 100 alionse olankhula Chingerezi ku America ankalephera kukumbukira mayankho awo omwe pamene ankawafuna. Ngati zili choncho kumene zakudya ndi zambirimbiri, kuno kumene pafupifupi aliyense angalembe nsima ya chambo kapena mpunga wa nkhuku wakuba sangavutike n'komwe.

Lachinayi ndinakumana ndi abwana pamodzi ndi mkulu wa zachuma. Abwana anamvetsera, koma anati ofufuza mabuku a zachuma amasangalala akaona kuti chitetezo chawonjezeka, ndipo kuchotsa mafunso kungaoneke ngati tikufewetsa zinthu. Ndinayankha kuti bungwe la boma la America loona za miyezo, la NIST, linalemba mu malangizo ake a 2017 kuti anthu asamauzidwe kugwiritsa ntchito zinthu monga dzina la chiweto choyamba posankha mawu achinsinsi. Ndinawakumbutsanso za Yahoo, imene akuba anailowa mu 2013 ndipo kenako inavomereza kuti maakaunti onse 3 biliyoni anakhudzidwa. Zina mwa zimene zinabedwa anali mafunso achinsinsi ndi mayankho ake, ena osabisidwa n'komwe. Pasiwedi ikabedwa munthu amaisintha tsiku lomwelo, koma dzina la amayi ake ndi mudzi umene anabadwira sangasinthe, ndipo yankho lomwelo amakhala ataliperekanso ku imelo, ku banki ndi kwina konse kumene anafunsidwa. Ndinawonjezera kuti dziko lathu tsopano lili ndi lamulo la Data Protection la 2024, ndipo si nzeru kuti bungwe laling'ono ngati lathu lizisunga mbiri ya mabanja a anthu imene ntchito yathu siifuna.

Mkulu wa zachuma anafunsa funso labwino, lakuti ngati tichotsa mafunso tiikapo chiyani. Njira yodziwika ndi yotumiza nambala pa uthenga wa pafoni, ndipo kafukufuku wa Google uja anapeza kuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse ankatha kubwerera mu akaunti zawo mwanjira imeneyi. Komabe sindinabise kuti nayonso ili ndi mavuto ake kwathu kuno. Ngakhale kuti kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imayenera kulembetsedwa, alipo amayi ambiri amene nambala zawo zinalembetsedwa pa chiphaso cha amuna awo, m'mabanja ena foni ndi imodzi ya nyumba yonse, ndipo akuba oimba foni modzionetsa ngati ogwira ntchito ku kampani ya mafoni amanyengerera anthu kuti awawerengere nambala imene yangofika kumene. Namwino uja foni yake ndi yakeyake, choncho uthenga ukanamuteteza, koma si onse amene ali choncho. Ndinapempha kuti membala azisankha yekha pakati pa uthenga wa pafoni ndi kubwera ndi chiphaso cha unzika, chimene pafupifupi aliyense wamkulu ali nacho chiyambire kalembera wa 2017, ndipo kuti pasiwedi ikasinthidwa mwini wake azilandira uthenga womudziwitsa nthawi yomweyo. Abwana anandilola kulemba kalata ku kampani ija, ndipo anaisayinira okha.

Yankho linafika Lachisanu masana. Anati sangachotse mafunsowo chifukwa cha bungwe limodzi, popeza pulogalamuyo ndi imodzi kwa makasitomala awo onse m'mayiko osiyanasiyana, koma anationetsa pamene tingazimitse njira yosinthira pasiwedi poyankha mafunso. Ndinazimitsa nthawi yomweyo. Zotsatira zake n'zakuti mamembala akukakamizidwabe kuyankha mafunso atatu amene tsopano sagwira ntchito iliyonse, ndipo woiwala pasiwedi ayenera kubweranso ku ofesi monga kale, zimene kwa munthu wa ku Mayaka ndi ulendo wodya ndalama ndi tsiku lathunthu. Sindikusangalala nazo, koma ndi bwino munthu avutike ndi ulendo kusiyana n'kuti wachibale amene wayambana naye azidziwa zonse za m'thumba mwake.

Loweruka timagwira ntchito mpaka masana, ndipo nthawi imeneyo ndinalemba chidziwitso cha m'Chichewa chimene tamata pakhomo ndi kutumiza kwa mamembala onse. Ndinawalangiza kuti asalembe mayankho enieni, kwathu kuno ngakhale kwina kulikonse kumene angakakamizidwe kuyankha mafunso otere, koma asankhe mawu atatu kapena anayi osagwirizana ndi funsolo, osiyana pa akaunti iliyonse, ndipo awalembe m'kabuku kamene azisunga pamalo amene iwo okha amadziwa. Ndinatsindika za kulemba chifukwa kafukufuku yemwe uja anaonetsa kuti anthu ambiri amene amanama poyankha amasankha mawu ofala amene wakuba amawayerekeza mosavuta, ndipo eni ake amawaiwala msanga. Ndinawauzanso kuti wogwira ntchito kwathu sadzawaimbira foni kufunsa yankho, pasiwedi kapena nambala yachinsinsi. Mayankho enieni amene mamembala analemba kale sabata ino akadali m'makompyuta a kampani ija, ndipo ndalemba kalata yachiwiri yopempha kuti afufutidwe onse. Pempho la uthenga wa pafoni abwana alipititsa ku komiti yoyendetsa bungwe, imene ikumana mwezi wamawa, ndipo andiuza kuti ndikafotokoze ndekha.