Mbale ya Bruno ndinaibweza pansi

Galu wanga ndi Boerboel, dzina lake Bruno, ali ndi zaka zinayi ndipo ndi chimphona ndithu. Timakhala ku Chilomoni, kuno galu wamkulu ndiye mlonda wapakhomo, koma ine ndimamutenga ngati mwana. Ndiye ndikamamuona akudya chowerama, miyendo yakutsogolo atatangadza khosi lili pansi, zimandimvetsa chisoni kwabasi, kuphatikizanso nyerere zinkangodzadzana mmbale mwake daily.

Ndinapita ku Ndirande kwa anyamata owotcherera aja nkuwajambulira papepala katebulo kazitsulo ka mabowo awiri, lina la mbale ya chakudya lina la madzi, kutalika kofika pachifuwa pa galuyo. Anapanga bwino zedi mpaka penti. Bruno anadyerapo miyezi iwiri.

Tsiku lokabayitsa katemera wa chiwewe ndinawaonetsa adokotala a ziweto chithunzi cha katebuloko pafoni. Anayang'ana nkundifunsa kuti, "Mayi, galuyu ali ndi vuto la khosi, kapena amabweza chakudya akadya?" Ndinati ayi adokotala, ali bwinobwino. Iwo amvekere ndiye mbaleyo ibwerere pansi lero lomwe.

Anandikhazika pansi nkundifotokozera za matenda ena amene pachingerezi amati bloat kapena GDV. Chifu cha galu chimadzadza mpweya nkufufuma, kenako chimapotokola, polowera ndi potulukira ponse patsekeka, magazi sayendanso bwino, ndipo popanda opaleshoni galu amafa mmaola ochepa chabe. Amakonda kugwira agalu akuluakulu a chifuwa chakuya, Great Dane ndiye patsogolo, German Shepherd nayenso alimo. Chimene chinandidabwitsa nchoti kale anthu ankalangizidwa kukweza mbale kuti apewe matenda omwewa. Koma mu 2000 a Larry Glickman ndi anzawo a ku Purdue University ku America anatulutsa kafukufuku wa agalu oposa 1,600, ndipo anapeza kuti odyera mmbale zokwezedwa ndi amene ankagwidwa ndi matendawa mochuluka. Anawerengera kuti mwa agalu akuluakulu odwalawo pafupifupi 20 pa 100 aliwonse nkhani inali mbale, ndipo mwa amitundu yaikulu kwambiri ija inafika 52 pa 100. Adokotala ananena chilungamo kuti enanso amatsutsa, amati mwina eni ake ankakweza mbale chifukwa agalu awo anali kale pachiopsezo. Kaya zili bwanji, ine sindingayesere pa Bruno, galu woti alibe vuto lililonse lofuna katebulo.

Nditafika kunyumba katebulo ndinakachotsa, pano ndimaikapo maluwa. Za nyerere ndinathana nazo mosavuta, mbale ya chakudya ndimaiika mkati mwa beseni lalikulu mothira timadzi pang'ono, sizidutsa. Pansi ndinayala saka kuti mbale isamathawe akamadya.

Chovuta chinali kusintha nthawi yodyera. Ife tinazolowera kumupatsa kamodzi, chimbale chodzadza nsima ya mgaiwa ndi bonya cha mma 7 usiku, akangomaliza timamumasula nkuyamba kuthamanga mpanda wonse. Adokotala anati zimenezo ndiye zoopsa, chakudya chochuluka nthawi imodzi, kudya mothamanga kenako kudumphadumpha. Pano chakudya chomwecho ndimachigawa pawiri, mmawa ndisanapite kuntchito ndi cha mma 5 madzulo, kenako amakhala kaye ola lathunthu asanamasulidwe. Abambo akunyumba anavuta poyamba, ati galu wokhuta masana salondera usiku, tinakangana ndithu sabata yonse koma anaona okha kuti akuuwa ngati kale.

Poti Bruno amameza ngati wina amulanda, ndinatola mwala wosalala waukulu kuposa chibakera cha munthu wamkulu, woti sangaumeze, ndinautsuka nkuuika pakati pa mbale. Amadya mozungulira mwalawo ndiye liwiro linachepa.

Si kuti mbale yokwezedwa ndi yoipa kwa galu aliyense ayi. Galu wokalamba wa nyamakazi kapena wovulala khosi ikhoza kumuthandiza, ndipo alipo ena a vuto la kummero, chakudya sichitsika bwino, amenewo amafunika kudya chiimire. Koma zimenezo anene ndi dokotala atamuyeza galuyo.

Chomaliza ndinalemba papepala nkumata pakhoma la kitchini kuti aliyense pakhomo adziwe: mimba ikafufuma nkulimba ngati ng'oma, akamafuna kusanza koma osatuluka kanthu, dovu lili chuchuchu, akusowa pokhala, musadikire kuti kuche ndipo musamupatse mankhwala apakhomo. Mmunsi mwake ndinalemba nambala ya adokotala ndi ya achimwene a taxi a pafupi nafe, poti galimoto tilibe ndipo Bruno sangakwere kabaza.