Mafuta pa nkhope ya mafuta kale

Mawu amene mng'ono wanga wandiuza madzulo ano akukana kuchoka m'mutu, ndiye m'malo momangotembenuka pabedi ndati bola ndilembe.

Anandipeza ndili pagalasi, manja onse awiri ali kumaso, ndikutikita mafuta monga ndimachitira ndisanagone. Anaima pakhomo osanena kanthu. Kenako, ndi mawu otsika, anati, "Achemwali, inu zimakuyanjani. Ine ndayesa, taonani." Anachotsa dzanja lomwe anaphimba nalo tsaya. Tiziphuphu ting'onoting'ono tadzaza pamphumi ponse, kutsikira m'masaya mpaka kuchibwano, pena pofiira, pena payamba kale kusiya mawanga akuda. Ndinamufunsa ngati zikuwawa. Anati zikuyabwa, makamaka akatuluka thukuta. Ndipo anawonjezera chimene chikundisowetsa tulochi: "Nkhope yangayi ndi yauve basi. Palibe chingaikonze."

Mtsikana amene amasamba kumaso kuposa aliyense m'nyumba muno, akudzitcha wauve. Mtima unandiwawa.

Ndinamukhazika pansi n'kumufunsa bwinobwino zomwe wakhala akuchita. Poyamba ankazemba, koma pang'ono ndi pang'ono zinatuluka. Anzake ankamuseka kuti nkhope yake imanyezimira masana, ndiye anayamba kuikhula ndi sopo wosambira thupi, m'mawa, masana, madzulo, mpaka khungu kumakokeka. Kunyezimira sikunathe. Kenako anaona kavidiyo pa foni: tenga mafuta a kokonati, donthezamo madzi a ndimu, paka nkhope yonse, phimba ndi thaulo lotentha kuti nthunzi ilowe, ugone nawo mafutawo agwire ntchito usiku wonse. Kavidiyo komweko kanachenjezeratu kuti ukaona ziphuphu usaope, n'zoipa zomwe zinabisala mkati zikutuluka, pitiriza. Iye anapitiriza. Ndipo poti ankandiona ine ndikupaka mafuta usiku uliwonse, ankaganiza kuti tikuchita chinthu chimodzi.

Choyamba chimene ndinafuna amve n'chakuti mafuta a kumaso si litsiro. Pansi pa khungu pali timatumba tomwe timapanga mafuta otchedwa sebum. Timachuluka kumaso ndi kumutu, pomwe m'zikhatho ndi kuphazi mulibe n'kamodzi komwe. Mafutawa ndi amene amathandiza khungu kusunga chinyezi kuti lisachite mbuu kapena kuthetheka. Munthu akamatha msinkhu, mahomoni amachititsa timatumbati kutulutsa mafuta ambiri, ndipo wina amabadwa ndi khungu la mafuta ambiri kuposa mnzake. Palibe chimene analakwa. Koma sopo uja ankamuvulaza. Pamwamba pa khungu pali ka asidi pang'ono, pH yake (muyeso umene nambala yake imatsika asidi akachuluka) imakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5, pomwe sopo wamba amafika pa 9 kapena 10. Kukokeka kumene ankamva atasamba, kumene iye ankati ndiye ukhondo, kunali khungu kudandaula kuti lalandidwa chitetezo chake.

"Nanga inuyo mukupakiranji mafuta pa nkhope yoti ili kale ndi mafuta?"

Funso labwino, ndipo ndinasangalala kuti wafunsa. Ndinamukumbutsa za girisi wa tcheni cha njinga akakumata m'manja. Uthire madzi ochuluka bwanji, amangoterera pamwamba. Koma upakepo kadontho ka mafuta, utikite, girisi uja amasungunuka n'kuchoka ndi kansalu. Mafuta amasungunula mafuta anzake. Kumaso n'chimodzimodzi. Sebum wa tsiku lonse, phoda, zopaka m'zikope zosachoka ndi madzi, mafuta oteteza ku dzuwa aja okanirira, zonsezi zimasakanikirana ndi mafuta oyera amene wapakawo n'kumasuka pa khungu popanda kukhula.

Koma zikamasuka ziyenera kuchoka. Apa ndi pamene kavidiyo kaja kanamusocheretsa, ndipo apa ndinayamba kukweza mawu mpaka iye anandiyang'ana modabwa. Kutsuka ndi mafuta n'kutsuka, si kudzola. Mafutawo amabwera kudzanyamula litsiro, ndipo akanyamula amachoka nalo limodzi. Ukagona nawo ndiye kuti wasungunula fumbi, thukuta ndi phoda wa tsiku lonse n'kuzisiya zitakhala pa nkhope mpaka m'mawa, kenako n'kuzipaka pa pilo kuti mawa udzazigonerenso.

Mwamwayi mafuta anali adakali kumaso kwanga, ndiye ndinamuitana ayandikire aone. Ndinanyowetsa zala ndi madzi ofunda n'kupitiriza kutikita. Nthawi yomweyo mafuta aja anasintha n'kuchita mbee, opepuka, osamatanso, ndipo nditathira madzi anachoka onse. Maso anamutuluka. Ndinamufotokozera kuti mafuta opangidwira kutsukira nkhope amawaikamo mankhwala otchedwa emulsifier, amene mbali imodzi amagwira mafuta, mbali ina amagwira madzi, n'chifukwa chake madzi amatha kuwakokolola. Mafuta wamba alibe zimenezi. Ukawagwiritsa ntchito umayenera kuwapukuta ndi kansalu kofewa konyowa madzi ofunda, kenako n'kutsukanso ndi chotsukira nkhope chofatsa kuti pasatsale kanthu. Kutsuka kawiri kumeneku kunatchuka kuchokera ku Japan ndi ku Korea. Shu Uemura, katswiri wa zodzoladzola wa ku Japan amene anagwirapo ntchito yophoda anthu osewera m'mafilimu ku Hollywood, ndi amene anatulutsa mafuta otsukira nkhope kwawo mu 1967, atazindikira kuti phoda wolemera wa osewerawo amachoka bwino ndi mafuta osawononga khungu. Ngakhale Aroma akale, amene ankadzipaka mafuta a maolivi posamba, ankawapala onse ndi kachitsulo kopindika kotchedwa strigil. Palibe amene ankawasiya pathupi n'kumati wasamba.

Pofika apa anali atamasukako. Anakhala pamphepete pa bedi, miyendo atapinda, n'kumandifunsa ngati vuto ndi kokonatiyo.

Mbali ina, inde. Mafuta a kokonati ndi olemera, ndipo kwa anthu ambiri a khungu la ziphuphu amatseka timabowo ta pakhungu. Pali mndandanda wina umene umayendayenda pa intaneti, wopereka manambala kuyambira 0 mpaka 5 posonyeza mafuta amene amatseka timabowo, ndipo kokonati amamuika pa 4. Manambalawo anachokera ku kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pomwe madokotala a khungu monga Albert Kligman ndi James Fulton ankapaka zinthu m'makutu mwa akalulu n'kuona ngati timabowo tatsekeka. Khutu la kalulu limatsekeka msanga kuposa nkhope ya munthu, choncho mndandandawu suyenera kutengedwa ngati lamulo. Komabe kwa munthu ngati iye, amene khungu lake linali litavulazidwa kale ndi sopo, kugona ndi kokonati kumaso kunali kuputa mavuto.

Ndipo mafuta si ofanana ngakhale onse atachokera ku zomera. Ku yunivesite ya Sheffield ku England anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2013: anthu akuluakulu ankapaka mafuta pamkono kawiri pa tsiku kwa milungu 4. Mafuta a maolivi anafooketsa chitetezo cha khungu, ena mpaka anafiira, pomwe a mpendadzuwa sanaliwononge ndipo analithandiza kusunga chinyezi. Kusiyana kwake kuli mkati mwa mafutawo: a maolivi ali ndi oleic acid wambiri, amene amamasula zomangira za pamwamba pa khungu, pomwe a mpendadzuwa ali ndi linoleic acid wambiri, amene khungu limamufuna pomanga chitetezo chake. Mafuta a jojoba, ochokera ku kachitsamba ka m'chipululu cha Sonora, ku Mexico ndi kumwera chakumadzulo kwa America, kwenikweni ndi phula lamadzimadzi, lofanana ndi mbali ina ya sebum wathu, n'chifukwa chake ambiri amawayanja. A nsatsi ndi okhuthala, ndiye amene amawagwiritsa ntchito amangothira pang'ono m'mafuta ena opepuka.

Za ndimuzo ndiye zinandikwiyitsa koposa. Madzi a ndimu ndi asidi wamphamvu, pH yake ili cha m'ma 2, ndipo zipatso za mtundu umenewu zili ndi zinthu zomwe zikakumana ndi dzuwa pakhungu zimawotcha n'kusiya mawanga. Pa khungu lakuda, paliponse pomwe patupa kapena papsa pamakonda kusiya banga lakuda limene limatenga miyezi kuti lizimiririke. Chiphuphu chimatha msanga, banga lake n'kutsala.

Mkwiyo umenewu sunandichokebe mpaka pano. Sindikukwiyira mng'ono wanga. Ndikukwiyira kupepuka kumene anthu amalankhulira za nkhope za anzawo. Munthu amaima kutsogolo kwa kamera, nkhope yowalitsidwa ndi nyali, n'kunena kuti izi n'zachilengedwe, sizingakuvulaze, ndipo zikakuvulaza ndiye kuti zikugwira ntchito. Mawu omalizawa ndi amene ndimadana nawo kwambiri, chifukwa amatseka khomo lothawira. Khungu likukuuza kuti siya, iwe n'kumalimva ngati likuti pitiriza. Alipodi mankhwala a ziphuphu, monga aja a mtundu wa retinoid, amene amafulumizitsa khungu kusintha maselo ake, moti milungu yoyamba ziphuphu zimaoneka ngati zachuluka zisanayambe kutha. Koma mafuta sachita zimenezo. Ziphuphu zatsopano zikabuka utayamba mafuta enaake, makamaka m'malo momwe sizinkatuluka kale, ndiye kuti mafutawo sakukuyanja. Palibe zoipa zobisala zomwe zikutuluka. Nalonso thaulo lotenthalo: timabowo ta pakhungu tilibe minofu yoti titseguke ndi nthunzi n'kutsekeka ndi madzi ozizira. Kufunda pang'ono kumafewetsa mafuta kuti achoke mosavuta, basi. Kutentha kopitirira kumangofiiritsa khungu ndi kuliumitsa.

Ine ndimakonda kutsuka nkhope ndi mafuta, ndipo sindibisa. Ndi mphindi imodzi pa tsiku imene ndimagwira nkhope yanga mofatsa, manja ouma, nkhope youma, kuzunguliza zala pang'onopang'ono m'mbali mwa mphuno, pachibwano, pamphumi, osathamanga, osakanikiza. Sindichita m'mawa, chifukwa usiku sindinapake chilichonse cholemera choti ndichotse. Ndimachita madzulo okha, makamaka tsiku lomwe ndapaka zoteteza ku dzuwa kapena phoda. N'chifukwa chake zikundipweteka kuona chinthu chofatsa chonchi chitasandutsidwa chilango pa nkhope ya mwana wa mayi anga.

Atamva zonsezi anatambasula dzanja kuloza botolo langa. "Ndiye ndibwerekeni anuwa, ndiyambe lero."

Ndinakana. Nkhope yake inagwa nthawi yomweyo. Ndinamuuza kuti panopa khungu lake likufuna kupuma, osati chinthu china chatsopano. Asiye kokonati, asiye ndimu, asiye thaulo lotentha ndi sopo uja. Azisamba ndi chotsukira nkhope chofatsa kawiri pa tsiku, azidzola kopepuka kopanda fungo, aziteteza nkhope ku dzuwa kuti mawanga asapitirire kuda, asinthe nsalu ya pilo, ndipo zala azichotse kumaso. Khungu limatenga pafupifupi mwezi kuti maselo apamwamba asinthike, ndiye asayembekezere kudzuka mawa zitatha. Likadzachira, ngati adzafunabe mafuta, adzayambe wayesa pamalo pang'ono, m'mbali mwa nsagwada, kwa masiku angapo, asanapake nkhope yonse.

"Ndiye mukuti ndingokhala osachita kanthu? Anthu akundiona tsiku lililonse, achemwali. Inu simukudziwa mmene zimakhalira."

Sindinamutsutse. Kudikira n'kovuta kwa munthu amene akuopa kukweza mutu pagulu, ndipo ndinaona kuti malangizo anga onse aja, ngakhale ndi oona, sanafike pomwe pakumupweteka. Ndinangomugwira dzanja. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako analichotsa n'kuimirira.

Chimene chikundidetsa nkhawa panopa ndi kuyabwa kuja. Ziphuphu wamba kawirikawiri siziyabwa chonchi, ndipo sizikhala zofanana kukula ngati zakezi. Pakhungu la munthu aliyense pamakhala yisiti, mtundu wa fangasi, wotchedwa Malassezia, yemweyo amene amakhudzidwa ndi mfundu ya kumutu, ndipo chakudya chake ndi mafuta. Akapeza mafuta ambiri a zomera, kufunda ndi thukuta, amachulukana n'kutupitsa timabowo ta tsitsi, n'kutulutsa tiziphuphu tofanana, toyabwa, pamphumi ndi pachifuwa. Zikakhala zimenezo, mankhwala a ziphuphu wamba sathandiza, pamafunika opha mafangasi, ndipo woyenera kuona n'kusiyanitsa ndi dokotala wa khungu, osati ine ndi galasi langa. Ndinamuuza kuti ndipita naye. Anati safuna kukaonetsa nkhope yotere kwa munthu wachilendo. Ndinati dokotalayo ntchito yake ndi imeneyo. Anati aganizira, n'kutuluka.

Mawa asanatuluke ndikufuna ndimufunse ngati tiziphuphuti tafikanso pachifuwa ndi kumsana, koma ndikuopa kuti ndikayambitsanso nkhaniyi m'mawa kwambiri angoyankha kuti zili bwino n'kuthawa. Mwina ndidikire madzulo. Kapena ndiyambe ndi nkhani ya anzake aja.