Kagudumu Kanandibwezera Maso pa Chithunzi

Lolemba m'mawa anandipatsa kanema wa mphindi 8: anthu anayi akuyankha mafunso, mayina awo oyenera kutulukira pansi pa chithunzi, ndi zojambula zoyenda zofotokoza ziwerengero. Ndinati sabata ino ndiyese kachipangizo komwe kanagona m'bokosi mwezi wathunthu, Stream Deck + ya kampani ya Elgato. Kali ndi mabatani 8 oonetsa tizithunzi, timagudumu 4 topukusa ndi zala, ndi kamzere kokhudza. Batani lililonse umaliuza wekha chochita.

Ufulu umenewu ndi umene unandisokeretsa. Ndinaunjika chilichonse chomwe ndimadziwa mu Premiere Pro (pulogalamu yodulira makanema), foda mkati mwa foda, mpaka tsiku linatha ndisanadule olo mphindi imodzi. Lachiwiri masana ndinadzipeza ndaweramira patebulo, kufunafuna batani, munthu wa m'kanema akuyankhula yekha. Chonsecho dzanja langa lamanzere limadziwa kale J, K ndi L pa kiyibodi, kubwerera, kuima, kupita, osayang'ana n'komwe. Ndinali nditasinthanitsa njira yodziwa ndi yachilendo popanda phindu.

Madzulo ake ndinatenga pepala ndi cholembera. Ndinagwira ntchito ola limodzi mwakale, ndipo chilichonse chimene dzanja labwereza ndinkachichonga. Zinatuluka zochepa zedi: kudula ndi Ctrl+K, kuchotsa mutu kapena mchira wa kachidutswa ndi Q ndi W, kusuntha fulemu (chithunzi chimodzi cha kanema) imodziimodzi, kukulitsa ndi kuchepetsa timeline (mzere woyalapo tizidutswa ta kanema), kukweza ndi kutsitsa mawu. Zina zonse ndinafufuta.

Lachitatu ndiye ndinamva kukoma kwake. Kanemayu anajambulidwa pa mafulemu 25 pa sekondi, ndiye kuti fulemu imodzi ndi kanthu kosakwana kuphethira kwa diso. Mayi wina m'kanemamo anali ndi chizolowezi chokoka mpweya asanatchule mawu olemera. Ukadula mpweyawo, chiganizo chimamveka ngati chagwa kumwamba. Ukausiya wonse, womvera amatopa kudikira. Kale ndinkakoka mausi, kupitirira, kubwerera, kupitiriranso. Tsopano chala chachikulu ndi chamkombaphala zinagwira kagudumu: kupukusa kamodzi, fulemu imodzi. Ndinaona milomo yawo ikuyamba kutseguka, ndinabwerera mafulemu atatu, n'kudula pomwepo. Maso anga sanachoke pankhope yawo. Kunena zoona, ndinadula malo amenewo kawiri mwadala, pofuna kungomvanso momwe zala zikumvana ndi khutu.

Lachinayi ndinalowa mu After Effects, pulogalamu yopangira zojambula zoyenda. Amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu awiriwa amadziwa vuto lake: chilembo chomwecho chimachita zosiyana. S mu Premiere imayatsa kapena kuzimitsa kumamatirana kwa tizidutswa, pomwe mu After Effects imatsegula kukula kwa chinthu. Mutu ukatopa, dzanja limaiwala kuti lili kuti. Kachipangizoka kamasintha kokha mabatani malinga ndi pulogalamu yomwe ili patsogolo, choncho ndinaika zofanana pamalo ofanana: kagudumu koyamba kosuntha mafulemu konsekonse, batani lakumanzere lodula konsekonse.

Chinandipulumutsa kwambiri ndi batani limodzi lochita zinthu ziwiri motsatizana. Dzina likamatulukira, siliyenera kubwera mothamanga n'kuima mwadzidzidzi ngati lagunda khoma. Ndimasankha ma keyframe (timfundo tosonyeza poyambira ndi pothera kayendedwe), kukanikiza F9 kuti kayendedwe kafewe, kenako Shift+F3 kuti ndione mzere wa liwiro lake. Ndinaziphatikiza. Ndi kanthu kakang'ono, koma pa mizati yonse ya ziwerengero ija ndinakabwereza kosawerengeka, ndipo dzanja lamanja, lomwe limayamba kuwotcha pofika Lachinayi, linafika madzulo lili bwinobwino.

Lachisanu kasitomala anabweza kanema kuti tichotse masekondi 40 ndi kusintha maudindo a anthu awiri. Ndinamaliza nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mnyamata amene tikumuphunzitsa ntchito anali ataimirira kumbuyo kwanga nthawi yonseyi.

"Achimwene, mundikopereko mmene mwakonzeramu, nanenso ndizithamanga chonchi."

Ndinamusiyira mpando kuti ayese. Sipanathe mphindi zisanu, anayamba kuwerama n'kumawerenga tizithunzi ta pamabatani, ndendende mmene ndinachitira ine Lachiwiri. Iye amadula ndi lumo la C ndi mausi, sagwiritsa Q ndi W. Mabatani anga anali a dzanja langa.

"Mphwanga, tenga pepala ili," ndinamuuza. "Lolemba ugwire ola limodzi, uchonge zimene ukubwereza. Tikonza zako."

Pa mabatani 8 aja, awiri akadali opanda kanthu mu Premiere. Ndikuganizira zoikapo chizindikiro cha M, chifukwa sabata yamawa kukubwera kanema wa nyimbo, ndipo ndidzafuna kuchonga kugunda kwa ng'oma maso ali pa ovina.