Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: "Lili kuti, mwanawe?"

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti ndinakusiyani m'malere. Inu amene munalemba kuti masamu angawa sadyetsa mwana, ndakumvani. Amalume aja a ku Mufakose ananena zomwezo kalekale, ndipo mpaka lero timangopatsana moni wapakamwa.

Tibwerere ku Zimbabwe mu 2008. Bambo ankalawirira tambala asanalire kukaima pamzere ku banki. Ndalama za penshoni zinalimo, kabuku kankatero, koma zimene ankaloledwa kutapa zinkathera pa kombi (minibasi). Tsiku lina anabwera wapansi mpaka kwathu ku Mbare, mumzinda wa Harare, mapazi atatupa, n'kukhala pakhonde osavula jekete. Ine kope lili pamwendo, ndikulimbana ndi funso la masamu lotchedwa funso la Dirichlet: ukadziwa mmene chiwaya chatenthera m'mphepete monse, pakati patentha bwanji? Ndinawauza monyadira kuti ndatsimikiza kuti yankho lilipo.

"Lili kuti, mwanawe?"

"Lilipo basi, bambo. Tikati palibe, masamu amadzitsutsa okha."

Anayang'ana mapazi awo nthawi yaitali. "Ngati ndalama zanga zija."

Ndinasowa pogwira. Mayi anabweretsa madzi ofunda m'beseni, n'kugwada kuwavula nsapato. Palibe anayankhulanso, ndinkangomva madzi akukhavukira pasimenti.

Patapita miyezi ndinakumana ndi ntchito ya Errett Bishop, katswiri wa masamu wa ku America, amene mu 1967 anatulutsa buku loumirira kuti ukati chinthu chilipo, uonetse njira yochipezera. Katswiri wina, Brouwer wa ku Netherlands, anali atakana kale zoti kugwetsa "palibe" ndiye kuti wapeza chinthucho. Pa ma partial differential equations, masamu ofotokoza mmene zinthu monga kutentha zimafalikira, nkhaniyi ndi yaikulu. Pa funso la chiwaya lija, akale ankati mwa matenthedwe onse otheka, yankho ndi lomwe lili ndi mphamvu yochepetsetsa, koma mu 1870 Weierstrass, katswiri wa ku Germany, anaonetsa kuti pa mafunso ena otere umangoyandikira chochepetsetsacho osachifika. Kwa Bishop, upereke masitepe, unenenso kuti pafunika angati kuti cholakwika chichepe kufika pamene wofunsa akufuna.

Ndinasiya mutu wa kafukufuku umene ndinayamba nawo, chaka chathunthu n'kulowa m'madzi. Ena amati ndinathawa zovuta. Bodza limenelo. "Lilipo" aliyense ndinachita kumumanganso ndi manja, magetsi atazima, pakandulo.

Zaka zitatu zinadutsa choncho. Bambo anatisiya ndisanamalize, ndipo kabuku ka ku banki kaja ndimasungira m'kope lomwe lija. Zimene amalume anachita pamaliro, dikirani gawo 10.